Klarineti ya jazi: mtengo ndi wakuno, oliza ali kutali

Alendo akaima pa Kande kapena pa Chintheche m'boma la Nkhata Bay, anyamata ogulitsa ziboliboli sachedwa kuwayalira katundu. Pakati pa njovu, mvuu ndi timipando tosema pamakhala zina zakuda bii, zolemera ngati mwala. Zimenezo ndi za phingo, ndipo mtengo wake umakwera kuposa zinzake. Phingoyo ndi wosowa, moti ena amangodetsa matabwa wamba ndi polishi wa nsapato kuti wogula asadziwe.

Chimene ambiri sadziwa n'chakuti mtengo womwewu ndi umene amapangira klarineti, chitoliro chakuda chimene chinatchukitsa nyimbo za jazi ku America ndi ku Ulaya. Ndipo ubale wa chitolirochi ndi anthu a m'mphepete mwa nyanja suthera pa mtengo pokha. Jazi ndi gule wa malipenga anabadwa kwa kholo limodzi: bandi ya asilikali.

Chitoliro chanji?

Klarineti ndi chitoliro chotalika kupitirira pang'ono theka la mita. Chili ndi zibowo ndi timabatani tachitsulo, ndipo kukamwa kwake amamangirirako kabango kopyapyala. Woliza akauzira mpweya, kabangoko kamanjenjemera n'kutulutsa mawu. Kunsi chimalira mobangula, pamwamba chimalira mosongoka ngati nthungululu. Anachikonza koyamba ndi mmisiri wina wa ku Nuremberg m'dziko la Germany, Johann Christoph Denner, cha m'ma 1700.

Kwa zaka zambiri chinali chida cha m'nyumba za mafumu ndi m'mabandi a asilikali. Chinafika m'manja mwa anthu akuda mumzinda wa New Orleans ku America, kumene ukapolo utatha mu 1865 ana a akapolo anayamba kukhazikitsa mabandi awoawo. Ankaimba pa zikondwerero ndi pa maliro. Popita kumanda ankaliza nyimbo za mapemphero mwachifatse, koma pobwerako ankazitembenuza kukhala zovina. Mu jazi woyambirirayo, lipenga linkatsogolera nyimbo, lipenga lalitali lokoka linkavomera pansi, ndipo klarineti inkazungulira pamwamba ngati mayi wopolokozera pa chioda.

Nawo Atonga anachita zomwezo

Pamene izi zinkachitika kutsidya kwa nyanja yamchere, kuno nako kunali nkhani yofanana. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918, amuna ambiri a m'dziko muno analembedwa usilikali mu King's African Rifles ndipo ena anali amtengatenga. Kumeneko anaona perete ndi mabandi a malipenga amkuwa. Atabwerera kumudzi anayamba kuyerekeza zimene anaonazo, ndipo pofika zaka za m'ma 1920 gule wa malipenga anali atafala pakati pa Atonga.

Malipenga amkuwa analibe, choncho anatenga zikho zazitali, n'kuboola, n'kumatapo kansalu koyera kamene kangaude amasungiramo mazira. Masiku ano ambiri amamatapo kapepala ka pulasitiki. Munthu amaimbira m'chikhomo, kansaluko n'kumanjenjemera, mawu n'kutuluka ngati a lipenga lenileni. Gulu lililonse limatchedwa boma, lili ndi mfumu yake ndi maudindo onga a asilikali, ndipo ovina amatchena makabudula, malaya ositidwa bwino ndi masokosi aatali.

Apa mpamene pali ubale. Ku New Orleans anthu akuda anapeza zida za azungu n'kuziphunzitsa kulankhula chinenero chawo. Ku Chintheche, ku Bandawe ndi ku Usisya zidazo sizinapezeke, koma anthu anadzipangira zawo. Mbali zonse ziwiri, nyimbo ya wolamula inasanduka nyimbo ya olamulidwa.

Akadaulo a chitolirochi

Dzina loyamba kutchulidwa pa nkhani ya klarineti ndi la Sidney Bechet. Iye anabadwira ku New Orleans pa 14 May 1897 ndipo anayamba ndi kubwereka chitoliro cha mkulu wake ali kamnyamata. Mu 1919 anakafika ku London ndi gulu la oimba akuda. Kumeneko mtsogoleri wina wotchuka wa nyimbo zachizungu, Ernest Ansermet wa ku Switzerland, anamumva ndipo analemba m'magazini kuti mnyamatayo anali katswiri weniweni. Nthawi imeneyo azungu ophunzira ankaona jazi ngati phokoso chabe, choncho mawuwa anali aakulu. Bechet ankaliza monjenjemeretsa mawu kwambiri moti ankadziwika pongomva kamodzi. Anakathera moyo wake ku France, kumene anamwalira pa tsiku lake lobadwa, pa 14 May 1959.

Mnzake wa mumzinda womwewo, Johnny Dodds, ndi amene amamveka m'mbale zoyamba za gulu la Louis Armstrong lotchedwa Hot Five kuyambira mu 1925. Wina ndi Barney Bigard, yemwe anaimba ndi Duke Ellington kuyambira 1927 mpaka 1942.

Koma amene anafikitsa klarineti pampando wachifumu ndi Benny Goodman. Anabadwa mu 1909 ku Chicago, mwana wachisanu ndi chinayi mwa ana 12 a banja losauka lachiyuda. Ali ndi zaka 10, bambo ake anamutengera ku sunagoge pamodzi ndi akulu ake awiri kuti akaphunzire kuimba. Akuluwo anapatsidwa malipenga, iye poti anali wamng'ono anapatsidwa klarineti. Pofika zaka 14 anali akuthandiza kale banja ndi ndalama za zoimbaimba.

Goodman amakumbukiridwanso chifukwa cholimba mtima. M'zaka zimene tsankho linali lamulo m'madera ambiri a America, iye, mzungu, ankakwera pansanja ndi oimba akuda monga Teddy Wilson wa piyano ndi Lionel Hampton. Pa 16 January 1938 anatengera jazi mu Carnegie Hall ku New York, nyumba imene inkadziwika ndi nyimbo za anthu apamwamba. Chaka chomwecho mpikisano wake, Artie Shaw, anatchuka ndi nyimbo ya Begin the Beguine ndipo analemba ntchito mayi wakuda Billie Holiday kuti aziimba m'bandi yake.

Nalo dziko la Africa linamumva mmodzi wa akadaulowa maso ndi maso. Louis Armstrong atafika ku Accra mu 1956, woliza klarineti wake anali Edmond Hall. Ulendowo unamukhudza kwambiri Hall moti mu 1959 anabwerera ku Ghana ndi cholinga chokaphunzitsa nyimbo, ngakhale sanakhalitseko.

Kuyambira m'ma 1940 sakisofoni, yomwe ili ndi mawu amphamvu, inayamba kulanda malo a klarineti. Komabe chitolirochi sichinafe. Mu 1961 Acker Bilk wa ku England anatulutsa Stranger on the Shore, imene inamveka pa mawayilesi dziko lonse lapansi, ndipo mayi Doreen Ketchens anatchuka polizira klarineti m'misewu ya New Orleans momwemo.

Za ku Joni

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Atonga akhala akuyenda kuyambira kalekale, makamaka sukulu za mishoni zitatsegulidwa ku Bandawe mu 1881. Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anayambitsa bungwe lalikulu la anthu apantchito ku Cape Town mu 1919, ndi mmodzi chabe mwa zikwi za amuna a m'dziko muno amene anapita kummwera. Obwerera kwawo ankabwera ndi masuti, njinga, magalamafoni ndi mbale za nyimbo.

Ku Johannesburg komweko kunali Kippie Moeketsi, wobadwa mu 1925, amene anayamba kuliza klarineti ali ndi zaka 20 asanatembenukire ku sakisofoni. Mu 1960 iye, Hugh Masekela, Jonas Gwangwa ndi Dollar Brand, yemwe pambuyo pake anadzatchedwa Abdullah Ibrahim, anajambula chimbale m'gulu la Jazz Epistles. Moeketsi anamwalira ali wosauka mu 1983, koma malo otchuka oimbirako jazi ku Newtown anawatcha dzina lake.

Ana a m'makomboni, amene sakanatha kugula klarineti, ankagula timazitoliro tachitsulo totsika mtengo n'kumayerekeza jazi wa ku America amene ankamumva m'mbale ndi m'makanema. Umu ndi mmene nyimbo za kwela zinabadwira m'zaka za m'ma 1950, ndipo Spokes Mashiyane anali mfumu yake. Nzeru yake ndi yomwe ija ya malipenga: chida chikasowa, gwiritsa chimene uli nacho.

Klarineti ifika ku Chileka

Ena mwa amene anatchukitsa kwela m'dziko muno ndi anyamata awiri apachibale a m'mudzi wa Singano ku Chileka, Daniel ndi Donald Kachamba, amene anakhalako ku Salisbury, komwe tsopano ndi ku Harare, ali ana. Daniel ankaliza gitala, Donald chitoliro. Mu 1967, akuimba mumsewu ku Blantyre, anakumana ndi Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo wochokera ku Vienna m'dziko la Austria.

Kubik sanali mlendo ku jazi. Ali mnyamata ankaliza klarineti, ndipo bandi yake inapambana mpikisano wa jazi ku Vienna mu 1959, chaka chomwe ananyamuka ulendo wake woyamba wa ku Africa. Anachita chidwi ndi mmene Donald ankalowetsera chitoliro mkamwa mopendeka kuti mawu atuluke onenepa ndi opindika ngati a oimba jazi. Analemba buku lonena za bandi ya anyamatawa, ndipo m'zaka za m'ma 1970 iye mwini analowa m'gulu la Donald, n'kumaliza klarineti ndi gitala.

Apa zinthu zinatembenuka: pulofesa wachizungu anakhala woimba wamba m'bandi ya Mmalawi wa kumudzi. Gululi, momwe munalinso Moya Aliya Malamusi, linayenda maiko ambiri a mu Africa, Ulaya ndi America. Daniel anamwalira mu 1987. Donald anakaphunzitsa pa yunivesite ya California ku Los Angeles mu 1999, ndipo anamwalira mu January 2001. Anzake anapitiriza gululi m'dzina lake, Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazz Band.

Phingo akutha

Ngakhale mbiri ili chonchi, oliza klarineti m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo ambiri amapezeka m'mabandi a asilikali ndi apolisi. Pa ukwati ndi m'tchalitchi, kiyibodi imodzi imatulutsa mawu a lipenga, a chitoliro ndi a ng'oma, choncho mnyamata saona chifukwa chovutikira zaka zambiri ndi mpweya wa m'chifuwa. Klarineti ya phingo ndi yodula zedi, ndipo ngakhale ya pulasitiki ya ophunzira sipezeka m'sitolo za pa Chintheche.

Nawo mtengowo uli pa mavuto. Phingo amakonda malo otentha a mvula yochepa, monga kuchigwa cha Shire, ndipo amakula pang'onopang'ono kwambiri: pamatenga zaka zoposa 60 kuti afike podulidwa. Makampani opanga zitoliro, monga Buffet Crampon ya ku France, amaufuna chifukwa mtima wake ndi wolimba, uli ndi mafuta achilengedwe ndipo sufufuma msanga ndi chinyezi cha mpweya wa woliza. Matabwa ambiri amachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Poti chitoliro chimafuna thabwa lopanda mng'alu kapena mfundo, gawo lalikulu la chipika limatayidwa. Moto wolusa, makala ndi kutsegula minda zimapha mitengo ing'onoing'ono isanakule. Kuyambira mu January 2017, malonda a matabwa a phingo pakati pa maiko amafuna chilolezo pansi pa pangano la CITES loteteza zachilengedwe.

Anansi a ku Tanzania anaonetsa kuti pali chochita. M'boma la Kilwa, midzi ina inapatsidwa mphamvu zoyang'anira nkhalango zawo, ndipo kuyambira mu 2009 inayamba kugulitsa phingo wovomerezeka, ndalama zake n'kumalowa m'thumba la mudzi. Kufupi ndi phiri la Kilimanjaro, katswiri wa zomera Sebastian Chuwa anathera zaka zambiri akufesa mbande za phingo pamodzi ndi ana asukulu mpaka imfa yake mu 2014, akudziwa kuti sadzadulako ngakhale mtengo umodzi.

Dera la Chintheche limadziwa kulandira oimba a kunja: chikondwerero cha Lake of Stars chinayambira pomwepo mu 2004. Koma chuma chake chenicheni pa nkhani ya zoliza ndi mpweya chili m'maboma a malipenga, momwe mwana amaphunzira kusunga mpweya, kumvera anzake ndi kulowa pa nthawi yake, zomwe ndi maziko a jazi. M'mera mpoyamba. Mwana wotero atapatsidwa klarineti, monga zinachitikira Goodman ali ndi zaka 10, sangayambire pachabe. Ndipo mbande ya phingo yobzalidwa pa sukulu chaka chino idzakhwima mwanayo ali ndi zidzukulu.