THOBVU LOZIMIRA MOTO LINAONONGA ZITSIME ZA ALIMI KU AUSTRALIA

Madzi akakhala oyera mbee, opanda fungo ndi opanda zitsotso, munthu amamwa mtima uli m'malo. Mabanja a alimi a ku Williamtown, dera la kumidzi pafupi ndi mzinda wa Newcastle m'dziko la Australia, anakhala zaka zambiri akutunga madzi otere m'zitsime zao, namwetsa ng'ombe ndi kuthirira madimba. Koma m'mwezi wa September caka ca 2015 Boma la cigawo ca New South Wales linawacenjeza kuti aleke kumwa madziwo, ndiponso asadye mazira a nkhuku zao kapena kumwa mkaka wa ng'ombe zao. Asodzi a ku Fullerton Cove ndi Tilligerry Creek analetsedwa kugwira nsomba.

Gwero la bvutoli linali bwalo la ndeke za nkhondo limene linayandikana ndi minda yao. Moto wa mafuta a ndeke suzima ndi madzi okha, pakuti mafutawo amayandama pamwamba pa madzi napitiriza kuyaka. Cifukwa ca ici, m'zaka za m'ma 1960 gulu la nkhondo la pamadzi la ku America pamodzi ndi kampani ya 3M anapanga thobvu limene limafunda mafuta monga bulangeti ndi kutsekereza mpweya, moto nkuzima msanga. Kuyambira m'ma 1970 asilikali a ku Australia anali kupopera thobvu limeneli kawiri-kawiri pophunzira nchito yozima moto, ndipo lonse linali kuthera m'nthaka ndi m'ngalande.

M'thobvulo munali mankhwala a mtundu wochedwa PFAS, makamaka PFOS ndi PFOA. Manyowa amaola, citsulo cimadyeka ndi dzimbiri, koma mankhwala awa dzuwa siliwatha, ngakhale tizirombo ta m'nthaka sitiwaoletsa. Ndico cifukwa cake anapatsidwa dzina lakuti mankhwala amuyaya. Nthaka ya ku Williamtown ndi ya mcenga ndipo madzi ali pafupi, cotero mvula inawatsitsira pansi, nayenda pang'ono-pang'ono kufikira m'zitsime za anthu.

Akalowa m'thupi la munthu kapena la ciweto, mankhwalawa amakhala m'magazi zaka zingapo, ndipo mai angathe kupatsira mwana ali m'mimba kapena poyamwitsa. M'caka ca 2023 akatswiri ofufuza za kansa a bungwe la World Health Organization analengeza kuti PFOA amayambitsa kansa, ndi kuti PFOS nayenso akuganiziridwa. Kuwiritsa madzi ndi kuthiramo klorini kumapha tizirombo ta kolera ndi kamwazi, ndipo banja liri lonse liyenera kupitiriza kutero, koma sikucotsa mankhwala amenewa. Amacoka pokha-pokha madzi akasefedwa ndi makina kapena makala okonzedwa mwapadera, nchito yodya ndalama zambiri.

Kampani ya 3M inalengeza m'caka ca 2000 kuti ileka kupanga PFOS, ndipo asilikali a ku Australia anayamba kusiya thobvu lakalelo mu 2004. Komabe zimene zinali zitalowa kale pansi zinatsala momwemo. Mitengo ya minda inagwa, ndipo ofuna kusamuka anasowa ogula. Anthu a ku Williamtown, pamodzi ndi anzao a ku Oakey ndi ku Katherine amene anagwa m'tsoka lomwelo, anasumira Boma la dziko lao. Mu 2020 Bomalo linabvomera kulipira madola a ku Australia 212.5 miliyoni, ndipo 86 miliyoni mwa ndalamazi zinali za ku Williamtown. Cipukuta misozi cimeneci sicinatsuke nthaka.

Maiko amene anasaina pangano la Stockholm loletsa mankhwala osaola, ndipo Zambia ali m'gulu limeneli, anaika PFOS pa mndandanda wa mankhwala oyenera kucepetsedwa mu 2009, ndi PFOA pa mndandanda wa oyenera kuthetsedwa mu 2019. Muno m'dziko nchito yoyang'anira mankhwala oopsa iri m'manja mwa bungwe la ZEMA.

Akulu-akulu anati caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Anthu okhala pafupi ndi mabwalo a ndeke ndi mosungira mafuta ayenera kudziwa kumene madzi ocokera m'malo amenewa amathera. Ngati galimoto la mafuta lapsa pa mseu ndipo thobvu latsikira mu mtsinje kapena pafupi ndi citsime, nkwanzeru kudziwitsa mfumu ndi a zaumoyo tsiku lomwelo, pakuti cimene cathiridwa pansi lero adzacitunga ndi adzukulu.