Kodi Galimoto ya Magetsi Ingafike ku Lusaka?

Anthu a m'boma la Mchinji amene anagonapo pa mzere wa mafuta m'zaka za 2022 mpaka 2024 amva mbiri ya galimoto zosamwa petulo kapena dizilo, zoyendera magetsi. Aphunzitsi ndi amalonda ena akufunsa ngati galimoto yotere ingathe ulendo wautali, monga wa ku Lusaka kumene ambiri ali ndi abale awo. Yankho lake lili m'masamu apafupi, amene ngakhale mwana wa Sitandade 6 angawerengere pa sileti.

Galimoto ya magetsi ilibe thanki. M'malo mwake ili ndi batire lalikulu kunsi kwa mipando, la mtundu wonga wa m'foni, koma lolemera ngati matumba a chimanga asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu. Mphamvu ya m'batiremo imayesedwa ndi mayunitsi omwe aja amene anthu amagula ku ESCOM. Galimoto yaing'ono imadya mayunitsi pafupifupi 16 pa makilomita 100 alionse.

Tsono tayesani msewu. Kuchokera pa boma la Mchinji kudzera ku Kamwendo ndi Namitete mpaka ku Lilongwe pali makilomita pafupifupi 110. Ulendo umenewu ufuna mayunitsi 18, pamene galimoto ya petulo ya msinkhu womwewo imamwa malita pafupifupi 8. Wowerenga afunse mtengo wa yuniti ndi mtengo wa lita mwezi uno, achulukitse yekha. Adzaona kuti magetsi ndi otsika mtengo kutalitali. Ndiponso magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku madzi a Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, pamene mafuta amabwera kuchokera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ogulidwa ndi ndalama zakunja zimene zimavuta kupeza.

Galimoto zatsopano za masiku ano, monga BYD Atto 3 ya ku China, zili ndi batire la mayunitsi pafupifupi 60. Opanga amati imayenda makilomita 400 ndi kuposerapo, koma pa msewu weniweni, itanyamula anthu ndi katundu ndi kuthamanga, munthu wanzeru aziwerengera 300 kapena 350. Galimoto yotere ingapite ku Lilongwe m'mawa ndi kubwerera ku Mchinji madzulo osatchaja m'njira. Ku Chipata, kumene sikufika makilomita 40 kudzera pa malire a Mwami, ingapite ndi kubwera kangapo.

Ulendo wa ku Lusaka ndi nkhani ina. Kuchokera ku Mchinji pali makilomita pafupifupi 600, kudzera ku Chipata, Katete, Sinda, Petauke, Nyimba ndi pa mlatho wa Luangwa. Pafunika mayunitsi pafupifupi 100, ndipo batire limasunga 60. Kotero galimotoyo iyenera kuima ndi kudzazidwa pakati pa njira, ku Petauke kapena ku Nyimba, isanalowe m'mapiri a ku Luangwa kumene matauni ali patalipatali. Pokwera phiri batire limatha msanga. Potsetsereka injini ya magetsi imabweza mphamvu ina m'batire, koma siibweza yonse imene inatayika pokwera.

Apa ndi pamene pali vuto lenileni, pakuti kudzaza batire sikufanana ndi kumwetsa petulo. Pali njira zitatu. Pa soketi wamba ya m'nyumba, imene amalumikizapo wailesi kapena ayironi, galimoto imalandira mayunitsi awiri ndi pang'ono pa ola limodzi. Batire la mayunitsi 60 lingafune usana ndi usiku wathunthu, mwinanso kuposa. Pa chotchajira chapakhoma, chimene katswiri wa magetsi amaika mwapadera, imalandira mayunitsi 7 pa ola, ndipo imadzaza pa usiku umodzi. Pa makina aakulu otchajira msanga imafika pafupi kudzaza m'kati mwa ola limodzi, nthawi yoti munthu adye nsima ndi kupumula. Koma makina otere ndi odula, amafuna mawaya a mphamvu yambiri, ndipo amayamba kuikidwa m'mizinda ikuluikulu. Malo omwetsera petulo ali m'tauni iliyonse ya m'njira imeneyi. Malo otchajira msanga sali chomwecho.

Choncho ulendo umene basi imatha tsiku limodzi ungatenge masiku awiri kapena atatu kwa munthu wodalira soketi ya pa nyumba yogona alendo. Wopita kukacheza angapirire. Wopita ku maliro, kapena wonyamula wodwala, sangathe. Ndipo galimoto ya petulo ikathera mafuta m'thengo, mnyamata wa kabaza amathamanga ndi chigubu. Magetsi sanyamulidwa m'chigubu. Galimoto imafunika kukokedwa.

Soketi nayonso ili ndi ntchito pokhapokha magetsi akuyaka. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga damu la ku Kapichira, ndipo dziko la Malawi linataya mamegawati pafupifupi 130 kufikira chaka cha 2023. Mu 2024 chilala chinaphwetsa madzi a Kariba, ndipo m'madera ambiri a ku Zambia magetsi ankayaka maola ochepa okha pa tsiku. Mlendo amene anafika ku Petauke madzulo chaka chimenecho kuti atchaje usiku akanadzuka batire lili momwe linalili. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 zilizonse m'Malawi, pafupifupi 11 zokha ndi zimene zinkaunikira magetsi, ndipo kumidzi zinali zocheperapo. Mphunzitsi amene nyumba yake ilibe waya wa ESCOM asaganize kuti sola yaing'ono ya padenga ingathandize. Imene imayatsa mababu ndi kutchaja foni ingatenge masabata ambiri kuti idzaze batire la galimoto.

Pali chenjezo lina kwa ofuna kuitanitsa galimoto yogwiritsidwa kale ntchito kuchokera ku Japan. Nissan Leaf yoyamba, imene inatuluka mu 2010, inali ndi batire la mayunitsi 24 okha ili yatsopano. Batire limafooka ndi ukalamba, monga la foni, ndipo kutentha kwa dzuwa kumalifooketsa msanga. Leaf yazaka khumi ingalephere ngakhale kufika ku Lilongwe. Wogula asakopeke ndi utoto wowala kapena matayala atsopano. Afunse kuti batire latsala ndi mphamvu yanji, pakuti ndilo chiwalo chodula koposa zonse. Afunsenso za pulagi yake, chifukwa ya galimoto za ku Japan siilowa pa makina onse otchajira msanga. Pa zokonzetsa galimoto ya magetsi imapeputsa thumba, pakuti siifuna oilo wa injini, mapulagi kapena kilatchi. Koma batire likavuta pafunika makaniko wophunzira za magetsi amphamvu, amene angaphe munthu wogwira mosadziwa.

Maiko ena apita patsogolo pa zimenezi. Ku Norway mu 2024 pafupifupi galimoto 9 mwa 10 zatsopano zimene zinagulidwa zinali za magetsi, koma kumeneko makina otchajira anaikidwa m'misewu yonse ikuluikulu. Dziko la Ethiopia chaka chomwecho linaletsa kuitanitsa galimoto zaumwini za petulo ndi dizilo, pofuna kusunga ndalama zakunja ndi kugwiritsa ntchito magetsi a m'madamu ake. Ku Kigali, m'dziko la Rwanda, anyamata a njinga zamoto amasiya batire lotha ndi kutenga lodzaza m'mphindi zochepa, monga mmene munthu amasinthira botolo la gasi.

Kwa munthu wa ku Mchinji amene nyumba yake ili ndi magetsi, ndipo maulendo ake ndi a ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Kasungu, galimoto ya batire lalikulu ndi lathanzi ingamutumikire bwino. Wopita ku Lusaka ayambe watumiza foni ku Petauke kapena ku Nyimba, amve kumene adzatchajire ndi maola amene magetsi akuyaka, asananyamuke.