Penshoni Yotapa Pang'onopang'ono ndi Nkhani ya Msonkho

Pa msika wa Bvumbwe, pamene msewu wochokera ku Limbe ulunjika ku minda ya tiyi ya ku Thyolo, sipasowa munthu amene wangopuma kumene pa ntchito. Ena anali akapitawo ku Satemwa kapena ku Naming'omba, ena alembi, ena oyendetsa mathirakitala. Onsewa mafunso awo ndi awiri: kodi penshoni imaperekedwa yonse tsiku limodzi, nanga Boma limadulapo msonkho?

Lamulo la penshoni limene linayamba kugwira ntchito mu 1 June 2011 linakhazikitsa zoti wolemba ntchito azisonkha ndalama zosachepera K10 pa K100 iliyonse ya malipiro, ndipo wantchito K5. Mu 2023 panabwera lamulo latsopano. Lisanabwere, wopuma pa ntchito ankaloledwa kutenga K40 pa K100 iliyonse nthawi imodzi. Tsopano amaloledwa kutenga theka. Theka linalo limatuluka pang'onopang'ono.

Njira zake zilipo ziwiri. Yoyamba ndiyo kusiya ndalamazo m'thumba la penshoni ndi kumatapako mwezi ndi mwezi. Zotsalazo zimapitiriza kubereka phindu, koma tsiku lina zikhoza kutha mwini wake akali moyo. Yachiwiri ndiyo kuzipereka ku kampani ya inshuwalansi, imene imalonjeza kumulipira munthuyo mwezi uliwonse mpaka tsiku la imfa yake.

Mwachitsanzo, kapitawo amene wasunga K6,000,000 angathe kutenga K3,000,000 nthawi imodzi. Zotsalazo, zitamatuluka K50,000 pa mwezi, zingathe m'miyezi 60, ndiye kuti zaka 5, posawerengera phindu. Munthu wopuma ali ndi zaka 55 ayenera kuganizira zimenezi mofatsa, pakuti madzi akatayika saoleka.

Tsono za msonkho. Boma limatenga gawo lake poyambirira. Msonkho wa PAYE umadulidwa pa malipiro munthu akali pa ntchito, ndiponso phindu limene thumba la penshoni limapeza limakhomeredwa msonkho lisanagawidwe kwa eni ake. N'chifukwa chake penshoni yolandira atapuma sidulidwanso msonkho, kaya yatengedwa nthawi imodzi, kaya m'zaka zambiri.

Koma apa ndi pamene ambiri amasokonezeka. Penshoni ikasanduka chinthu china, phindu la chinthucho ndi nkhani ina. Amene wamanga nyumba ya lendi, watsegula golosale kapena wagula ng'ombe za mkaka, zimene akupeza pamenepo zimawerengedwa monga za wina aliyense wochita malonda. Ngakhale chiwongola dzanja cha ndalama zosungidwa ku banki chimadulidwa msonkho.

Bungwe lotolera msonkho la Malawi Revenue Authority, limene linayamba ntchito mu 2000, lili ndi njira ya pa kompyuta yotchedwa Msonkho Online, yolembera zimene munthu wapeza. Kompyuta imalandira chimene yapatsidwa. Wosakaniza ndalama za penshoni ndi za golosale angadzikhometse yekha msonkho wosayenera, ndipo wobisa za golosale angadzalipire chindapusa. Chaka chilichonse chili ndi chiwerengero chakechake. Za chaka chino sizilembedwa pamodzi ndi za chaka chatha.

Choncho wopuma pa ntchito ayenera kusunga kalata iliyonse yochokera kwa oyang'anira thumba lake, makamaka yosonyeza zimene watapa ndi zotsala. Za malonda azilembe m'kope lapadera. Aonetsetsenso kuti maina a mkazi kapena mwamuna wake ndi ana alembedwa molondola pa fomu ya olandira chuma iye akamwalira. Ngati penshoni yachedwa, kapena wolemba ntchito sanali kutumiza zosonkha, dandaulo limapita kwa Mlembi wa Mabungwe a Zachuma, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank of Malawi.

Wothyola tiyi sathyola masamba onse tsiku limodzi. Amatenga nsonga zokha, nasiya mtengo kuti uphukenso.