Wotchi ya ku Joni: kuitsuka kapena kuiika batire?

Kwa Nthache, monganso m'midzi ina ya ku Mwanza, mawotchi ena akale angogona m'masutikesi, ataima kalekale. Anabwera ndi abambo amene ankapita ku migodi ya ku Joni pa Wenela, ulendo umene boma linauletsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, n'kudzayambiranso pa TEBA mu 1977. Mdzukulu akapita nayo wotchi yotere kwa mmisiri, tinene Seiko 5, amauzidwa kuti asankhe pa njira ziwiri.

Yachangu ndiyo kuchotsa makina onse n'kuikamo a batire, kupenta nkhope, n'kupala chitsulo mpaka chiwale. Tisainyoze njirayi. Ndi yotchipa, imatha tsiku lomwelo, ndipo masekondi amene wotchi ya batire imataya pamwezi, yakale ikhoza kuwataya pa tsiku limodzi. Kwa wofuna kungopeza minibasi ya ku Blantyre, nkhani yathera pomwepo. Koma makina atsopanowo kawirikawiri sagwirizana ndi malo ake, choncho mmisiri amadula timiyendo ta nkhope n'kuimata ndi guluu, mivi n'kuikapo ina. Zodulidwazo sizibwerera. Ndipo muvi wa masekondi, umene unkayenda mosalala chifukwa makina ankagunda ka 5 kapena ka 6 pa sekondi, umayamba kudumphadumpha.

Njira inayo imafuna kudekha. Seiko 5, imene inatuluka mu 1963, imadzipota yokha mkono ukamagwedezeka, ndipo nthawi zambiri chimene chaiimitsa si kuthyoka ayi: mafuta anauma, fumbi linalowa, chinyezi cha dzinja chinadutsa pa mphira wofwifwa. Mmisiri amamasula kachitsulo kalikonse, n'kutsuka, n'kudontheza mafuta pa timiyala timene magiya amazungulirapo, kadontho kochepa kuposa nsonga ya singano. Mafuta a makina osokera apa ndi adani. Sipuling'i yotopa, mphira, lamba, izi zisinthidwe popanda chisoni, pakuti anazipanga kuti zizitha. Galasi la pulasitiki limapukutika. Vuto ndi zipangizo: nthawi zina muyenera kudikira kuti papezeke wotchi ina yakufa yoti muchotseko, ndipo mmisiri wodziwa ntchitoyi mungakamupeze ku Limbe, osati pa boma.

Ine ndimakondera yachiwiriyi, makamaka chifukwa cha nkhope ndi chivundikiro chakumbuyo. Nkhope yofiirira ndi dzuwa ndiyo imene agogo ankayang'ana. Yopenta ndi ya mmisiri. Kumbuyo nako kuli manambala amene Seiko imadinda: yoyamba imasonyeza nambala yotsiriza ya chaka chimene wotchi inapangidwa, yachiwiri mwezi wake. Banja likhoza kuwerengera pamenepo kuti mkuluyo anaigula pa ulendo uti. Wopala mwamphamvu amafufuta zimenezi.

Ngati ndalama zakana ndipo mwasankha batire, muuzeni mmisiri asadule kanthu, asapale kumbuyo, ndipo akubwezereni makina akalewo mu kabotolo kotseka bwino.