Malata salemba mayeso

Mwezi wathawu ndinali pamsonkhano wa makolo pasukulu ina ya m'mapulazi cha ku Banket. Mkulu wina wa m'komboni, amene makolo ake anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito ya fodya, anaimirira n'kufunsa kuti: "Ahedi, ndalama mwalandira zaka ziwiri, koma wa Giredi 7 wokhoza palibe ndi mmodzi yemwe. Zinalowera kuti?" Anthu anawomba m'manja. Ine ntchito yanga ndi yofufuza mabuku a ndalama m'masukulu, ndipo apasukulupo ndinali nditawaona m'mawa womwewo. Zinalowera ku malata, zimbudzi ndi mabenchi. Malisiti onse analipo.

Funso limeneli landitopetsa, chifukwa ngakhale anthu ovala mataye ku Harare amalifunsa. Amaganiza kuti ukathira ndalama pasukulu yolephera, chaka chamawa okhoza achuluke, ndipo akapanda kuchuluka ndiye kuti wina waba.

Thandizo limene amanenali ndi School Improvement Grant, ife timangoti SIG. Linayamba mu 2013, kudzera m'thumba la maphunziro loyendetsedwa ndi UNICEF. Sukulu siilandira SIG chifukwa chakuti ana akulephera ayi, imalandira chifukwa ndi yosauka, fizi imene makolo amatha kusonkha siikwanira. N'chifukwa chake imapita kwambiri kumasukulu a P3, kutanthauza mapulayimale a kumidzi ndi m'mapulazi, komanso ku masatelaiti. Ndalamazo zimabwera ndi malire a zimene mungagule, ndipo malipiro a mphunzitsi mulibemo.

Satelaiti n'chiyani? Minda itayamba kugawidwa mu 2000, mabanja anadzaza mapulazi a ku Mazowe, Mvurwi, Karoi ndi Macheke, ambiri opanda sukulu pafupi. Ana anayamba kuphunzirira m'mabalani a fodya ndi m'nyumba zakale za eni mapulazi. Sukulu yotere siinalembetsedwe mokwanira kuboma, imadalira sukulu ina yaikulu, ndipo kawirikawiri mayeso a ZIMSEC ana amakalembera komweko, mtunda wautali wapansi. Kuti ilembetsedwe pamafunika makalasi enieni, zimbudzi, madzi ndi nyumba za aphunzitsi. Ndalama yoyamba ikathera pa simenti, komiti siinalakwe. Kuiweruza ndi zotsatira za mayeso kuli ngati kukwiyira mjigo kuti sunabereke chimanga.

Zimene zimagwetsa mwana wa m'komboni n'zina. Mphunzitsi wopanda nyumba amapempha kusamutsidwa temu isanathe, ndipo sindimamudzudzula. Nyengo yokolola ndi kusankha fodya makalasi amachepa anthu, nkhani imene bungwe la Human Rights Watch linalembapo lipoti mu 2018. Ndiye pali mapepala. Lamulo la unzika la 2001 linasiya ana ndi adzukulu ambiri a anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia ali ngati alendo m'dziko lobadwira. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anakonza zimenezi, koma agogo opanda chitupa savuta kupeza, ndipo mdzukulu wawo amafika Giredi 7 alibe setifiketi ya kubadwa, kulembetsa mayeso n'kukhala mpanipani. Mwana yemweyo kunyumba amayankhula Chichewa, pabwalo Chishona, mayeso ambiri n'kubwera m'Chingerezi. Benchi yatsopano siithetsa chilichonse mwa izi.

Ndalama ya BEAM nayo, imene yakhala ikulipirira fizi ana ovutika kuyambira 2001, imachedwa kufika. Sukulu imaphunzitsa pangongole, ndalamayo ikamafika mphamvu yake itatha ndi kukwera kwa mitengo.

Ndipo maperesenti amene nyuzipepala zimakonda kuchititsa nawo manyazi masukulu amanyenga. Kalasi ya ana 12, mwana mmodzi akakhoza ndi 8 peresenti, akadwala tsiku la mayeso ndi ziro. Mu 2020, masukulu atatsekedwa nthawi yaitali ndi Covid-19, okhoza Giredi 7 m'dziko lonse anatsika kufika pa 37 peresenti. Kodi ahedi onse anaba chaka chimenecho?

Akuba alipo, musandimve molakwa. Koma sitiwagwira ndi zotsatira za mayeso. Timawagwira ndi makoteshoni atatu olembedwa ndi dzanja limodzi, kapena matumba a simenti amene ali m'buku koma pakhoma sakuoneka.

Ngati muli m'komiti ya sukulu, pemphani pulani ya chitukuko cha sukuluyo, muone ngati zogulidwa zikugwirizana nayo. Dziwani amene amasaina kubanki. Malamulo a SIG amasinthasintha, choncho funsani kuofesi ya maphunziro ya m'dera lanu musanalonjeze makolo kanthu. Pakatsala kangachepe, ine ndingagule mabuku owerenga a Giredi 1 ndi 2 ndisanapente ofesi, ngakhale kuti phindu lake lidzaoneka patapita zaka zisanu. Za setifiketi ya kubadwa yambani kuthamangira mwana ali Giredi 3.