Fumbi la mabuleki: walira mvula walira matope

Loweruka lililonse mmawa ndimagwada pambali pa galimoto ya abwana anga kuno ku Johannesburg, burashi kumanja, ndowa ya sopo kumanzere. Galimotoyo ndi zija za mipando iwiri, zogwira pansi ngati fulu koma liwiro lake ngati mphenzi. Thupi lake silivuta kutsuka ayi. Chimene chimandidyera nthawi ndi malimu. Ukawatsuka Loweruka, pofika Lachiwiri ada kale bii ngati kunsi kwa mphika.

Tsiku lina abwanawo adandipeza ndikulimbana nawo malimuwo. Ati atopa nalo fumbi limeneli, tsono akufuna achotse mabuleki onse aikemo a carbon ceramic. Atatchula mtengo wake ndidaika burashi pansi nkuwayang'ana. Abale inu, ndalama yoti munthu nkumangira nyumba yamalata kumudzi, ipite kaamba ka fumbi?

Tiyeni tiyambe taona kumene fumbili limachokera. Mukaponda buleki, mapadi amakanikiza disiki yachitsulo imene imazungulira pamodzi ndi tayala. Kukhulana kumeneko nkumene kumaimitsa galimoto, ndipo liwiro lonse lija limasanduka kutentha. Pokhulanapo padi imaperepeseka, disikinso imaperepeseka. Zakuda zimene mumaona pa limu zambiri ndi tizidutswa tachitsulo, ndipo poti timagwa tili totentha timakakamira zedi. Galimoto yothamanga imafuna mapadi oluma kwambiri, nchifukwa chake fumbi lake limachulukanso. Akuluakulu adati walira mvula walira matope.

Nanga carbon ceramic nchiyani? Iyi ndi disiki yopanda chitsulo pamalo okhulana paja. Amatenga ulusi wa carbon, kuuumba ndi utomoni, kuuotcha, kenaka nkuthiramo silikoni wosungunuka pa moto wa madigiri oposa 1,400. Chotuluka pamenepo ncholimba ngati mwala wonolera mipeni, sichichita dzimbiri, ndipo kulemera kwake ndi pafupifupi theka la disiki yachitsulo. Kampani ya Porsche idaika mabuleki otere pa 911 GT2 mchaka cha 2001, ndipo Ferrari idatsatira ndi galimoto ya Enzo mu 2002. Mpaka lero mukaona zopanira disiki zachikasu pa Porsche, kawirikawiri ndiye kuti mwini wake adalipira imeneyi.

Kunena zoona, abwana sadaname. Fumbi limachepadi kwambiri, pakuti disikiyo siiperepeseka wamba. Koma amene adapanga mabulekiwa sankaganiza za ife otsuka galimoto. Ankafuna buleki yosafooka ikatentha, komanso yopepuka kuti tayala lizitsata msewu bwino. Kuyera kwa malimu kudangobwera ngati basera.

Tsono basera ameneyu ngwodula. Pogula galimoto yatsopano, kusankha mabulekiwa kumawonjezera madola a ku America 8,000 kapena kuposerapo. Kuika pa galimoto imene idabwera ndi achitsulo kumaposa apo, chifukwa sugula disiki yokha, pamafunikanso mapadi ake ndi zopanira zake. Ndiye pali china: chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Disiki yachitsulo ukaigunda ndi limu pochotsa tayala, palibe kanthu. Ya ceramic imabenthuka ngati mbale yadothi, ndipo ikabenthuka kwambiri ndiye kuti yatha ntchito. Ina imalira kwiii ikakhala yozizira. Chodabwitsa nchakuti ena mwa amene amapita ndi galimoto zawo ku mabwalo a mipikisano amachotsa za ceramic nkubwezeramo zachitsulo, poopa kutha disiki zodula chonchi ndi moto wa kumeneko.

Ndidawafunsa abwana kuti, "Kodi bwana, vuto ndi kuima kwa galimoto kapena kuda kwa malimu?" Adaseka, ati galimoto imaima bwinobwino. Ngati zili choncho njira zotchipa zilipo. Pali mapadi otchedwa ceramic, amene ambiri amawasokoneza ndi carbon ceramic ngakhale zili zinthu ziwiri zosiyana. Amenewa amagwira pa disiki yachitsulo yomwe ija, fumbi lake nlochepa komanso lotuwa. Ngakhale a Porsche eni ake mu 2017 adatulutsa disiki yachitsulo yokutidwa ndi tungsten carbide pa galimoto ya Cayenne, nkunena kuti fumbi limachepa mpaka ndi 90 pa 100 iliyonse.

Komatu chimene chidandisowetsa tulo si ndalama za abwana, poti nzawo. Ndidadzifunsa kuti, ngati fumbi lokakamira pa limu lili lambiri chonchi, nanga louluka limapita kuti? Yankho nlakuti timapuma. Tizidutswa tina ntating'ono kwambiri moti timalowa mpaka m'mapapo. Maiko a European Union adaliona vutoli. M'malamulo awo a Euro 7, amene adakhazikitsidwa mu 2024, kwa nthawi yoyamba adaika malire a fumbi la mabuleki: mamiligalamu 7 pa kilomita kwa galimoto zambiri zazing'ono, ndi 3 kwa zoyendera magetsi okhaokha. Kumeneko nkhani si ya kunyezimira kwa limu, ndi ya chifuwa cha munthu woima pambali pa msewu.

Apa mpamene ndidakumbukira achimwene anga amene ndi makaniko kwathu. Ndawaonapo kangapo akutsegula dilamu la minibasi nkuuzira fumbi ndi pakamwa, fuu, lonse kumaso. Mapadi akale ankapangidwa ndi asibesitosi, amene amayambitsa khansa ya m'mapapo, ndipo kuno ku South Africa adamuletsa mu 2008. Nanga padi yopanda dzina yogula pamsika, ndani akudziwa zimene zili mkati mwake? Achimwene, chonde nyowetsani ndi madzi, pukutani ndi kansanza konyowa, mutseke mphuno. Zimenezi sizilira madola.

Abwana adamaliza ndi kugula mapadi a ceramic aja, disiki nkusiya zomwezo. Malimu tsopano amafika Lachisanu asanade. Ine ndimagwadabe Loweruka lililonse, koma ndisanagwire burashi ndimayamba ndathira madzi, ndi kansalu kumphuno. Limu likada timatsuka. Nanga mapapo akada, adzatsuka ndani?