Mawu a m'bala ndi muyeso, tisawapeputse

M'mabala a mumsewu wa M5, kuyambira pa Golomoti kukafika ku Mua ndi Mtakataka, ogula ndi ogulitsa amamvana ndi mawu ochepa: toti, dabulo, dashi, girini. Ambiri amawatenga ngati achinyada chabe, koma mawuwa ndiwo amauza munthu kuchuluka kwa mowa umene ukulowa m'thupi mwake, ndipo akamatchulidwa mwachisawawa wovulala ndi wakumwayo.

Toti ndi kamuyeso ka mowa waukali monga Malawi Gin kapena burande, kawirikawiri mamililita 25, ndipo dabulo ndi matoti awiri. Dashi ndi chakumwa choziziritsa kukhosi chimene amathiramo, kaya toniki, kaya Coca-Cola. Poti mowa wotere umakhala ndi ukali wa maperesenti 40 kapena kuposerapo, dabulo imodzi imaposa botolo la girini, Carlsberg yemwe wakhala akufululidwa ku Blantyre kuyambira 1968. Dashi amangobisa kuwawa, ukali wonse uli momwemo. Ndiye wogulitsa akamathira ndi maso, osagwiritsa ntchito kamuyeso, munthu amene akuti wamwa awiri angakhale atamwa anayi.

Wina anganene kuti izi n'zam'tauni, kuno kuchigwa anthu amamwa masese ndi kachasu. Komatu kumudzi nakonso kuli mawu ake. Masese amamwera m'chipanda, kachasu amagula pa velemoti, ndipo amayi otcheza amadziwa kuti mutu, woyamba kudontha uja, ndi waukali kuposa wotsatira. Vuto n'lakuti velemoti imayeza kuchuluka kokha, pamene ukali umasiyana malinga ndi amene watcheza. Apa m'pamene wogula ayenera kufunsa ngati ndi mutu kapena wosakaniza, ndipo wogulitsa ayankhe zoona.

Ena angadandaule kuti kufotokoza zoterezi n'kulimbikitsa uchidakwa. Nkhawayo ndi yomveka, makamaka tikakumbukira mmene mowa wa m'masacheti unapwetekera achinyamata mpaka boma linauletsa mu 2015. Koma timapaketi tija tinkapusitsa anthu ndi kuchepa kwake, moti ankameza ukali umene sankaudziwa. Kusadziwa sikunapulumutse aliyense. Wakabaza amene wamvetsa kuti dabulo imaposa botolo angathe kuona kuti sakuyeneranso kunyamula munthu usiku umenewo. N'chifukwa chake eni mabala ayenera kugula timiyeso ndi kuphunzitsa antchito awo, kuti toti wa pa Golomoti akhale yemweyo wa pa Mtakataka.